Kuyamba Liŵiro Mutakula—Kodi Mungafike Kumapeto?

Ŵerengani 1 Akorinto 9:24-27.

1 PRISCILLA WELCH, mkazi wa ku Britain, sanali wothamanga paubwana wake. Anali kusuta paketi ya ndudu patsiku, ndipo anayamba kuthamanga ali ndi zaka pafupifupi 35, pamsinkhu umene akatswiri ambiri a liŵiro amakhala atayamba kulingalira zoleka. Komabe, mu 1984 iye anakhala wachisanu ndi chimodzi pampikisano wa akazi wa makilomita 42 pa Maseŵera a Olympic ku Los Angeles. Ndiyeno mu 1987, ali ndi zaka 42, anapambana mpikisano wa mtunda womwewo mumzinda wa New York.

2 Ngoŵerengeka amene angafike pamenepo. Ngakhale zili tero, m'mizinda yonga Lilongwe, Lusaka, Harare, ndi Johannesburg mumaoneka amuna ndi akazi achikulire akuthamanga m'mphepete mwa msewu mbandakucha. Ena anayamba dokotala atawachenjeza za matenda a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi. Ena anangoona kuti kachitunda kakang'ono kayamba kuwachititsa befu. Zimene anthu ameneŵa amaphunzira m'milungu yawo yoyamba zingatithandize, pakuti Baibulo limayerekezera moyo wa Mkristu ndi liŵiro, ndipo ambiri a ife tinayamba liŵirolo titakula kale.

1, 2. (a) Kodi nchiyani chinali chachilendo ponena za Priscilla Welch? (b) Nchifukwa ninji zokumana nazo za oyamba kuthamanga atakula zili zothandiza kwa ife?

Fanizo Limene Akorinto Analimva Bwino

3 Mtumwi Paulo anakhala ku Korinto chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi, chapakati pa zaka za zana loyamba. (Machitidwe 18:11) Pafupi ndi mzindawo pankachitika Maseŵera a Isthmus kamodzi pazaka ziŵiri zilizonse, polemekeza Poseidon, mulungu wa nyanja wa Agiriki. Anthu a ku Korinto anali kudziŵa bwino lomwe mmene othamanga anali kudzimanira. Ku Olympia, kumene bwalo la liŵiro linali lalitali mamita 192, opikisana anali kulumbira kuti anayeseza mosadukiza kwa miyezi khumi. Kodi mphotho yake inali yotani? Pa Maseŵera a Isthmus wopambana anali kuvekedwa nkhata ya masamba, imene inali kufota pasanapite nthaŵi yaitali.

4 Paulo sanali kulimbikitsa abale ake kupita kukalambira nawo mafano pamaseŵerawo. Mfundo yake inali iyi: Ngati munthu angalange thupi lake kwa miyezi yambiri kaamba ka masamba ofota, kuli bwanji Mkristu amene Mulungu wamlonjeza moyo wosatha? Ndiponso taonani anthu amene anali kuwalembera. Ena a iwo kale anali adama, opembedza mafano, akuba, ndi oledzera. (1 Akorinto 6:9-11) Krispo anali mkulu wa sunagoge, wokhala ndi banja lake, pamene anakhulupirira. (Machitidwe 18:8) Ameneŵa anali anthu oyamba liŵiro atakula, ndipo Paulo anawauza kuthamanga ndi cholinga chokalandira mphotho.

3. Kodi Akorinto anali kudziŵanji ponena za othamanga?
4. Kodi mfundo ya Paulo inali yotani, ndipo anali kulembera anthu otani?

Kodi Mwachedwa Kuyamba?

5 Mwambi wina umati liŵiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Tanthauzo lake nlakuti wotsalira pachiyambi sangawapeze anzake. Pazochita zambiri za anthu zimenezo nzoona, ndipo nchifukwa chake munthu wophunzira choonadi ali ndi zaka 50 kapena 60 angavutike mumtima. Iye amaona ana aang'ono akutsegula mabuku a Baibulo mosavuta pamene iye akufunafuna buku la Hagai. Angadzifunse kuti: ‘Kodi Mulungu angachite nane chiyani ine, amene ndinathera nyonga yanga pazinthu zachabe?’

6 Malemba amayankha momveka. Abrahamu anali ndi zaka 75 pamene anatuluka m'Harana kumka kudziko limene Mulungu anamlonjeza. (Genesis 12:4) Mose anali ndi zaka 80 pamene anaima pamaso pa Farao. (Eksodo 7:7) Korneliyo anali kale mkulu wa asilikali, ndipo wosunga ndende wa ku Filipi anali ndi banja lake, pamene anabatizidwa. (Machitidwe 10:1, 47, 48, 16:27-34) Yesu anasimbanso za mwini munda amene analemba antchito ena mmamaŵa ndipo ena kutatsala ola limodzi kuti aŵeruke, koma onse anawapatsa malipiro a tsiku lathunthu. (Mateyu 20:1-16) Liŵiro la moyo silili lopikisana ndi abale athu. Pampikisano wa ku Korinto wolandira nkhata anali mmodzi yekha, koma Yesu anasonyeza kuti aliyense wopirira kufikira mapeto adzapulumuka. (Mateyu 24:13) Chotero funso lofunika silakuti munayamba liti, koma lakuti kodi mukali kuthamanga?

5. Kodi munthu wophunzira choonadi atakula angavutike ndi maganizo otani?
6. Kodi ndi zitsanzo ziti zimene zimasonyeza kuti Yehova amalandira oyamba mochedwa?

Kuthamanga Sikufika

7 Cholakwa chofala cha oyamba kumene ndicho phuma. Munthu amagula nsapato Lachisanu, Loŵeruka nkuthamanga makilomita asanu ndi mphamvu zake zonse, Lolemba nkulephera ngakhale kutsika masitepe. Pali chifukwa chake. Mtima ndi mapapu zimazoloŵera ntchito yatsopano mofulumira kuposa mafupa, minyewa, ndi mfundo za miyendo. Motero pambuyo pa milungu ingapo munthuyo amamva kuti mpweya ulipo wokwanira, nawonjezera mtunda, pamene misongolo ndi maondo zisanalimbe. Zotsatirapo zake ndizo kuvulala ndi kugwa ulesi.

8 Mu 1996 Josh Clark wa ku America analemba ndandanda yothandiza anthu osazoloŵera kuthamanga, yotchedwa Couch to 5K, imene pambuyo pake bungwe la zaumoyo la boma la Britain linayamba kulimbikitsa. Ndandandayo njamilungu isanu ndi inayi, kuthamanga katatu pamlungu, ndi tsiku lopuma pakati. Mlungu woyamba munthu amathamanga masekondi 60 okha, nayenda masekondi 90, akumabwereza zimenezo kwa mphindi 20. Zimaoneka ngati zachibwana. Komabe, pofika mlungu womaliza amathamanga mphindi 30 osaima. Ndithudi, pang'onopang'ono ndi mtolo.

9 Mwauzimu zilinso chimodzimodzi. Yesu ananena za mbewu yogwera pathanthwe, imene imamera msanga koma nkufota dzuŵa likakwera chifukwa ilibe mizu. (Mateyu 13:5, 6, 20, 21) Changu cha munthu watsopano nchosangalatsa, koma mizu imafuna nthaŵi. Munthu amene asankha kuŵerenga machaputala 20 patsiku kaŵirikaŵiri amaleka mwezi usanathe. Amene amaŵerenga machaputala atatu kapena anayi tsiku lililonse amamaliza machaputala onse 1,189 a Baibulo m'chaka chimodzi. Kalata ya kwa Ahebri imasonyeza kuti timayamba ndi mkaka tisanafike pachakudya chotafuna, ndi kuti luntha la kusiyanitsa chabwino ndi choipa limakula mwa kuligwiritsira ntchito. (Ahebri 5:12-14) Kodi muli ndi nthaŵi yoikika ya kuŵerenga ndi kupemphera, imene mungaisunge ngakhale m'nyengo yolima kapena pamene ntchito yachuluka?

10 Ngakhale ozoloŵera afunikira kusamala. Mu 1954, pampikisano wa makilomita 42 ku Vancouver, m'dziko la Canada, Jim Peters wa ku England, amene panthaŵiyo anali katswiri woposa onse padziko pamtunda umenewo, anathamanga ndi liŵiro lalikulu tsiku lotentha kwambiri. Analoŵa m'bwalo ali patsogolo pa anzake ndi mphindi pafupifupi 17. Koma anagwa, nadzuka, nagwanso mobwerezabwereza, ndipo anamnyamula asanafike pamzera womalizira. Sanapikisanenso konse. Akristu a ku Galatiya nawonso anayamba bwino, koma Paulo anawafunsa za amene anawatsekereza panjira. (Agalatiya 5:7) Dema anali wantchito mnzake wa Paulo, koma pomalizira anamsiya chifukwa cha kukonda dziko. (Filemoni 24, 2 Timoteo 4:10) Zaka zambiri m'mpingo sizili chifukwa chodzidalira.—1 Akorinto 10:12.

7, 8. (a) Nchifukwa ninji phuma limavulaza oyamba kuthamanga? (b) Kodi ndandanda ina imathandiza motani oyamba kumene?
9. Kodi watsopano angazike motani mizu yauzimu?
10. Kodi tikuphunziranji kwa Jim Peters ndi kwa Dema?

Tulani Katundu

11 Palibe amene amathamanga atasenza thumba la chimanga. Othamanga Achigiriki anali kuvula zovala zonse kuti pasakhale chowakola. Kalata ya kwa Ahebri imagwiritsira ntchito chithunzi chofananacho potilangiza kutaya zolemetsa zonse ndi tchimo limene limatikola mosavuta. (Ahebri 12:1) Munthu woyamba atakula amakhala ndi katundu wambiri kuposa mwana. Angakhale ndi chizoloŵezi cha fodya kapena moŵa cha zaka 30, ngongole, mabwenzi a kumalo omwera, zithumwa zimene anapatsidwa ndi makolo, kapena ukwati wosalongosoka. Kutula zimenezi kumapweteka, ndipo achibale angatsutse. Koma Akristu a ku Efeso anatentha mabuku awo amatsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000, ndipo mawu a Mulungu anapitirizabe kukula kumeneko.—Machitidwe 19:18-20.

12 Pali katundu wina wosaoneka ndi maso, ndiye liwongo la machimo akale. Munthu wothamanga akucheukira kumbuyo amapunthwa. Paulo anali atazunza mpingo ndi kuvomereza kuphedwa kwa Stefano. (Machitidwe 8:1, 3) Iye sanabise zimenezo, komanso sanalole kuti zimfooketse. Anauza Afilipi kuti anasiya kuika mtima pa zakumbuyo nalunjika pa zakutsogolo. (Afilipi 3:13, 14) Ngati munalapa ndi kutembenuka, nsembe ya dipo ya Kristu njokwanira kaamba ka inu. Kupitiriza kudziimba mlandu pamachimo amene Yehova anakhululukira ndiko kunyamulanso mtolo umene iye anakutulani kale.—Salmo 103:10-14, 1 Yohane 1:9.

11. Kodi munthu wachikulire angafunikire kutula katundu wotani?
12. Kodi chitsanzo cha Paulo chingathandize motani wovutika ndi liwongo?

Thamangani ndi Anzanu, Koma Paliŵiro Lanu

13 Ku South Africa kuli mpikisano wotchedwa Comrades Marathon, wa makilomita pafupifupi 90, pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Unayamba mu 1921, pamene anthu 34 ananyamuka ndipo 16 anafika. Ambiri a zikwi za anthu amene amauthamanga sayembekezera kukhala oyamba. Cholinga chawo ndicho kufika maola 12 asanakwane. Kuti zimenezo zitheke, ambiri amathamanga m'magulu otchedwa mabasi, motsogozedwa ndi munthu wozoloŵera njirayo, amene amadziŵa poyenera kuthamanga ndi poyenera kuyenda. Chakumapeto kumaoneka anthu osadziŵana akuchirikiza mnzawo amene miyendo yake yalefuka.

14 Yehova sanalinganize kuti tithamange tokha. Solomo anasonyeza kuti aŵiri aposa mmodzi, pakuti wina akagwa mnzake amamdzutsa. (Mlaliki 4:9, 10) Nchifukwa chake timalangizidwa kusaleka kusonkhana pamodzi. (Ahebri 10:24, 25) Inu amene mwakhala m'chikhulupiriro zaka zambiri, kodi mumachepetsako liŵiro kaamba ka atsopano? Aphunzitsi a liŵiro amati woyamba kumene ayenera kuthamanga paliŵiro limene angathe kulankhula ndi mnzake popanda befu. Yakobo anakana kufulumiza ana ndi zoŵeta zoyamwitsa, podziŵa kuti kuzithamangitsa tsiku limodzi lokha kukanazipha. (Genesis 33:13, 14) Mbale wachikulire amene akuphunzira kuŵerenga, kapena mlongo amene mawu ake amanjenjemera poyankha pamsonkhano, afunikira chiyamikiro, osati kumkankha.

15 Nanunso atsopano, musadziyerekezere ndi ena. Pamene Petro ndi Yohane anathamangira kumanda a Yesu, Yohane anafika choyamba, koma onse aŵiri anaona manda opanda kanthu. (Yohane 20:3-8) Mbewu ya panthaka yabwino inabala mosiyanasiyana, ina 100, ina 60, ina 30, ndipo yonseyo Yesu anaitcha yabwino. (Mateyu 13:23) Mkazi wamasiye wolera adzukulu asanu sangachite zofanana ndi mnyamata wosakwatira. Aliyense ayese ntchito yakeyake, ndipo adzakhala ndi chifukwa chokondwera popanda kuyang'ana mnzake.—Agalatiya 6:4.

13, 14. (a) Kodi othamanga pampikisano wina amathandizana motani? (b) Kodi ozoloŵera ayenera kuchita motani ndi atsopano?
15. Nchifukwa ninji sitiyenera kudziyerekezera ndi ena?

Pamene Mwavulala Kapena Mwaima

16 Wothamanga wanzeru amasiyanitsa mitundu iŵiri ya ululu. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku limodzi kapena aŵiri pambuyo pothamanga nkwachibadwa, ndipo kumatha kokha. Koma ululu wobaya pamalo amodzi, umene umakula pamene munthu akuthamanga, ndiwo chizindikiro chakuti aime ndi kufuna thandizo. Mofananamo, kusekedwa kuntchito kapena kutsutsidwa ndi achibale ndi ululu umene Mkristu aliyense ayenera kuuyembekezera. (2 Timoteo 3:12) Koma chikumbumtima chopweteka kaamba ka tchimo lobisika, kapena chikayikiro chimene chikukula, ndi bala. Kulibisa kumangolikulitsa. Yakobo analangiza wodwala mwauzimu kuitana akulu a mpingo.—Yakobo 5:14-16.

17 Bwanji ngati munaleka kusonkhana miyezi kapena zaka zapitazo? Munthu amene wakhala nthaŵi yaitali osathamanga sayambira pamtunda umene analekezera. Amabwerera kumtunda waufupi, ndipo nyonga imabwerera. Yohane Marko anasiya Paulo ndi Barnaba pakati pa ulendo wawo woyamba waumishonale, kotero kuti Paulo anakana kumtenganso. (Machitidwe 13:13; 15:37-39) Koma patapita zaka, Paulo yemweyo anapempha Timoteo kubwera naye Marko chifukwa anali wothandiza pautumiki. (2 Timoteo 4:11) Yambani ndi pemphero limodzi lochokera mumtima ndi msonkhano umodzi. Abale anu adzakondwa kukuonani.

16. Kodi ndi ululu uti umene tiyenera kuupirira, ndipo ndi uti umene umafuna thandizo?
17. Kodi munthu amene anaima angayambirenso motani?

Kulimbitsa Thupi Kuli ndi Malo Ake

18 Kodi Mkristu wachikulire angayambe kuthamanga kwenikweniko? Imeneyo ndi nkhani yaumwini. Paulo anavomereza kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu, ngakhale kuti nlochepa poyerekezera ndi la kudzipereka kwa Mulungu. (1 Timoteo 4:8) Mu 2020 bungwe la World Health Organization linalangiza achikulire kuchita zolimbitsa thupi zapakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 kufikira 300 pamlungu, kapena zamphamvu, monga kuthamanga, kwa mphindi 75 kufikira 150. Mlimi wogwira khasu kapena mayi wotunga madzi kutali angakhale akukwanitsa kale zimenezo. Koma wokhala pampando tsiku lonse angapindule. Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga, kapena a kuthamanga kwa magazi achita bwino kuonana ndi dokotala choyamba, ndipo aliyense womva kupweteka pachifuŵa kapena chizungulire ayenera kuima nthaŵi yomweyo.

19 Komabe, chinthu chabwino chingalande malo a chinthu chabwino koposa. Mipikisano yambiri imachitika kumapeto a mlungu, panthaŵi ya misonkhano ndi ulaliki. Dzifunseni kuti: ‘Kodi ndimadzuka mbandakucha kukathamanga koma nkulephera kudzuka kuti ndiŵerenge Baibulo? Kodi zovala zanga pothamanga nzaulemu? Kodi ndayamba mzimu wa mpikisano ndi kudzitama?’ (Agalatiya 5:26, 1 Timoteo 2:9) Asaheli anali waliŵiro ngati mphoyo, koma liŵiro lakelo linamfikitsa pamkondo wa Abineri chifukwa anakana kumva chenjezo. (2 Samueli 2:18-23) Thupi lolimba lingawonjezere zaka zoŵerengeka pamoyo uno, koma silingatipulumutse ku imfa.

18, 19. (a) Kodi lingaliro loyenera la kulimbitsa thupi nlotani? (b) Kodi tingadzifunse mafunso otani?

Penyetsetsani Mphotho

20 Yesu ndiye chitsanzo chathu chachikulu. Iye anapirira imfa yochititsa manyazi chifukwa anaika maganizo pachimwemwe chimene chinali patsogolo pake, ndipo tikulangizidwa kumpenyetsetsa kuti tisaleme. (Ahebri 12:2, 3) Paulo anatero. Ali m'ndende ku Roma, imfa ili pafupi, anatha kuuza Timoteo kuti anamaliza njira yake ndi kusunga chikhulupiriro. (2 Timoteo 4:6-8) Munthu ameneyu anayamba liŵirolo atakula, ndiponso akuthamangira kolakwika.

21 Mphamvu yomalizira liŵiro limeneli siichokera muunyamata. Yesaya ananena kuti ngakhale anyamata amalema ndi kugwa, koma oyembekezera Yehova amalandira mphamvu yatsopano yothamanga osalefuka. (Yesaya 40:28-31) Chotero, kaya munabatizidwa chaka chatha muli ndi imvi kapena mukali kulingalira zoyamba, musazengereze. Tulani zolemetsa, khalani ndi chizoloŵezi chabwino cha kuphunzira ndi kupemphera, mamatirani kumpingo, ndipo mukagwa dzukani. Yehova, amene anakuitanani paliŵiro limeneli, ngwokhulupirika, ndipo amafuna kuti mukafike.—1 Akorinto 10:13. 2 Petro 3:9.

20, 21. (a) Kodi nchiyani chinathandiza Yesu ndi Paulo kupirira? (b) Kodi tiyenera kutsimikiza mtima kuchitanji?

Kodi Mungayankhe Bwanji?

□ Nchifukwa ninji munthu wachikulire sayenera kuganiza kuti wachedwa kutumikira Mulungu?
□ Kodi phuma lingakhale langozi motani paliŵiro la moyo?
□ Kodi ndi katundu wotani amene tiyenera kutula?
□ Kodi tingaike motani kulimbitsa thupi pamalo pake?